Khadi Lotsala M'makina

Kwawo ankamutcha Naphuma, ndipo amene anapeka dzinalo sanamunamizire. Telala waluso ndithu, koma zoti achoke pakhomo osaiwala kanthu, iyayi. Malemu mwamuna wake, yemwe ankatsimphina mwendo wamanzere, ankakhalira kumulondola kusiteji ndi makiyi, mwina foni, akudandaula kuti tsiku lina mkaziyu adzaiwala mutu.

Chaka chimenecho Naphuma anatenga bambo ake kupita nawo kunja kuti madokotala akawachotse ng'ala. Maso onse awiri anali atachita chifunga. Ndalama zimene abale anasonkha zinali pa khadi limodzi la kubanki. Chipatala, chakudya, ulendo wobwerera, zonse zinkadalira kakhadi kameneko.

Madzulo oti mawa lake ndi opaleshoni, kalaliki wa kuchipatala anamuuza kuti makina awo akukana makadi akunja. Abwere ndi ndalama pamanja isanakwane seveni koloko m'mawa, apo ayi malo apatsa wina. Naphuma anagoneka bambo ake m'chipinda chomwe ankachita lendi, pansanjika yachitatu, nakhoma chitseko, natsika kukasaka makina otapira ndalama.

Oyamba anakana khadi. Achiwiri chimodzimodzi. Achitatu anawapeza kutada kale, m'kachipinda ka magalasi kuseri kwa masitolo otseka. Getsi linkaphethira. Munalibe munthu. Analowetsa khadi, nabisa manambala ndi dzanja. Makina analira kwa kanthawi, kenaka analavula ndalama. Anazikulunga mu mpango, kuzibisa pachifuwa, uyo wapita.

Atangokhota, anamva mapazi kumbuyo. Phazi lina kuponda, lina kukhwekhwereza. Anaima. Nawo anaima. Anacheuka. Msewu uli zii, wopanda ndi galu yemwe. Atayambanso kuyenda, mapazi aja anayambanso. Apo mantha anamugwira, osati masewera. Anavula nsapato, liwiro. Pamasitepe ankawamvabe m'munsi, akukwera pang'onopang'ono ngati munthu wotopa.

Analowa, nakhoma, natsamiritsa mpando kuchitseko. Bambo ake ali mkonono. Kenaka kugogoda. Katatu, mofatsa. Sanayankhe. Anazimitsa getsi, nakhala pansi atakumbatira mpango uja.

Ali mumdimamo, anapisa m'chikwama kuti aike ndalama pamodzi ndi khadi. Khadi mulibe. Anakhuthula zonse, kupapasa pansi. Palibe. M'pamene anakumbukira. Makina a kwawo amayamba abweza khadi, ndalama pambuyo. A kumeneko anayamba ndi ndalama, iye n'kungotsomphola, ulendo. Phuma lomweli! Zomwe anatapa zinali za opaleshoni yokha. Mankhwala, lendi, matikiti, zonse zinatsala m'makina, kapena m'manja mwa yemwe anaima panja pa chitseko. Akawauza chiyani abale? Analira mosatulutsa mawu mpaka tulo tinamuba.

Kutacha, mpando unali pomwe anausiya, chitseko chili chikhomere. Bambo ake anali atakhala tsonga pabedi.

"Mlendo wako anakudikira mpaka kutopa," anatero.

Anawafunsa kuti mlendo utiyo, popeza m'dzikomo sankadziwa munthu ndi mmodzi yemwe. Iwo anati usiku munthu anaima pafupi ndi bedi, nawalonjera mwaulemu m'chilankhulo cha kwawo. Munthuyo anawafunsa za maso, kenaka anawafumbatitsa kanthu. Mkuluyo anatambasula dzanja. Khadi lija, lozizira ngati lagona mufiriji.

Naphuma anangokhala pansi pomwepo. Kukondwa anakondwa, mpaka misozi, koma tsitsi linachita nyaunyau. Anafunsa ngati munthuyo anasiya mawu.

"Anati ndikuuze kuti tsiku lina udzaiwala mutu." Mkuluyo anapitiriza: "Ine maso ndilibe, mwana wanga, koma kayendedwe ka mkamwini wanga sindingakasokoneze."

Apo Naphuma anazindikira. Munthu amene anamuthawa mpaka kuvula nsapato anali atamulondola kuchokera kutali, ndi mwendo womwe uja.

Opaleshoni inatheka. Mwini nyumba atamva nkhaniyi ananong'ona kuti chitseko cha pansi amachikhoma yekha usiku uliwonse, Naphuma atangolowa anakhoma, ndipo palibe wina amene analowa. Anawonjezera kuti makina aja ukachedwa amameza khadi, sabweza. Ena anati mwina anali mlonda wachifundo. Koma mlonda wake uti wolowa m'chipinda, mpando osausuntha?

Tsiku lobwerera, Naphuma anaima pakhomo, nafufuza m'chikwama kawiri konse. Khadi lilimo. Foni ilimo. Anayang'ana kumasitepe, nalankhula motsitsa mawu:

"Ndatenga zonse, bambo a ana. Kapumeni."

Bambo ake, omwe tsopano ankaona, anabwerera m'chipinda, natola mapasipoti awiri omwe anatsala pabedi.

"Msiye mkamwini apumedi," anatero, akuwaika m'thumba la jekete. "Ntchitoyi ndaitenga ine."