Popumira pa Nyimbo Yomaliza

Nsama anatuluka mochedwa mu holo ya tchalitchi ku Matero. Magetsi anali atathima madzulo onse, ndipo atayaka, ba Cathrine, mayi wachikulire woimba piyano, anakana kumumasula. Awiriwa ankakonzekera konsati ya nyimbo zachikondi zotsatizana, munthu mmodzi ndi piyano basi, kuyambira pokumana mpaka posiyana. Zonse zinkayenda bwino kupatula yomaliza. Pakati pake mpweya unkamuthera, mawu n'kusweka.

"Mailo ukalephera futi, pa Loweruka azayimba ni Lillian," anatero ba Cathrine potseka piyano.

Lillian anali mnzake wa mu kwaya. Nsama anatsala ndi mwayi umodzi, wa mawa lake. Minibasi zinali zitaleka kuyenda, choncho anauyamba wapansi wa kwawo ku komboni ya George, njira yodutsa m'mbali mwa manda. Kuti asaganize za mitanda, anayamba kuimba chapansipansi nyimbo ija. Amayi ake ankaletsa kuimba panjira usiku, koma tsiku limenelo Lillian ankamuopsa kuposa manda.

Pamalo pomwe paja, mawu anasweka.

"Wathamanga."

Anacheuka... Bambo wina wowonda, wa jekete lomukulira, ankayenda pambali pake. Komwe anachokera, Nsama sanaone. Zala za bamboyo zinkagunda pantchafu ngati pali piyano.

"Ukafika pa 'usanditsekere', yima. Leka piyano iyende yeka. Upume. Ndiye ungene."

"Pa pepala palibe popumira," ananong'ona Nsama.

"Pepala silikhosomola."

Bamboyo anakhosomola. Chifuwa chouma, chochokera pansi. Nsama anayang'ana nsapato za bamboyo. Fumbi silinkadzuka. Phazi silinkamveka. Agalu onse anali zii. Nsama anafuna kuthawa. Koma anangoimba. Anaima pomwe anauzidwa... anapuma... nalowanso. Mawu anakwera osasweka mpaka kumapeto!

Pocheukanso, mumsewu munalibe munthu.

Mawa lake anabwerera ku holo asanagone n'komwe. Sanauze aliyense. Atafika pa mawu aja, anaima. Manja a ba Cathrine anapitirira okha ngati ozolowera, kenako anauma pa piyano.

"Nindani anakuuza kuyima apo, iwe mwana?"

Nsama anazyolika, nafotokoza za jekete, zala ndi chifuwa.

Ba Cathrine anavula magalasi, nawapukuta ndi chitenje kwa nthawi yaitali.

"Ni ba Dixon abo, bamuna banga. Ndiye banalemba izi nyimbo. Apo banali kupumira chifukwa cha chifuwa, ine nenze kubabisa na piyano. Sitinalembe pa pepala, benze na nsoni. Tinabaika ku manda kuja iwe ukalibe kubadwa."

Anavalanso magalasi, nabweza pepala poyambira.

"Tiyambe futi. Pa Loweruka uzayimba ndiwe. Koma lelo uyende kukali kowala."