Makapu a Pansi pa Thanki

Dzuwa likupendeka, Lenia anatsetsereka ndi ndowa yake kupita kumpopi wa ku Geisha. Anali mlangizi wa zaumoyo wochokera ku Dedza, ndipo chibwerereni ku Mzuzu, komiti ya madzi inamupatsa ntchito yothira kolorini m'thanki ya pachitunda, imene inkamwetsa mabanja a m'deralo.

Atatsegula mpopi, madzi sanatuluke msanga. M'paipi munamveka kaye ngati munthu akupuma mobanika. Kenako madzi anabwera, oyera bwinobwino, koma akununkha dothi lofukulidwa kumene.

"Mwalimva fungoli, amama?" anafunsa Lenia.

Mayi Winifred, ogulitsa mandasi pafupi ndi mpopiwo, sanasuzumire n'komwe m'ndowamo. "Mukufunsa ife? Othira mankhwala ndinu."

Lachisanu a Solomon, akalipentala a kuseri kwa tchalitchi, anagwa pakhomo pawo akusukusula. Sanatsegule m'mimba, sanadandaule mutu. Ankangoti "ludzu, ludzu," mpaka kutsirizika. Maliro awo asanaiwalike, Dinah, mtsikana wosoka zovala, anatsatira, nayenso akulira ludzu chigubu chodzadza chili pambali pake.

Lenia anatunga madzi m'mabotolo n'kukawayezetsa. Oyezawo anamuuza kuti mulibe tizilombo, mulibe poizoni. Anaika loko watsopano, anakulunga waya waminga pamakwerero a thanki, koma fungo silinathe. Tsopano akamadutsa, amayi ankadula nkhani pakati. Ena ankanong'ona kuti mlendoyu anachita kutumidwa kuti adzathe anthu. Ena ankaloza a Frackson, osunga kiyi wa thankiyo, kuti n'chifukwa chiyani ana awo ayamba kumwa madzi a m'sitolo. Munthu akapempha madzi kwa mnzake, ankangowanunkhiza n'kuwathira pansi mwini wake akatembenuka.

Tsiku lina m'mawa a Frackson anafika kwa Lenia milomo itauma gwa.

"Amama, ine ndaopa chomene. Loko ali bwinobwino, koma pachivundikiro pali zidindo za manja."

"Ndiye kuti wina anakwera?"

"Yayi. Zidindozo zili mkati."

Lenia anaona kuti akapitiriza kukhala chete, anthu adzamutenthera nyumba. Anaitanitsa onse, ndipo masana omwewo anakhuthula thanki anthu akuona. Panalibe mwamuna amene analola kulowamo. Lenia anamanga chitenje m'chiuno, analuma tochi, n'kutsika yekha.

Mkatimo munali zii ngati m'mochale. Pansi, pamatope, panali nsupa yakuda yovekedwa mikanda, ndipo moizungulira munandandalikidwa makapu ambirimbiri. Awiri anali ozondotsedwa. Wachitatu anali atapendekeka, atatsala pang'ono kugwa. Atamuunika, anamuzindikira: anali kapu wake wobenthuka chogwirira, amene anasowa sabata yathayo.

Anatulutsa zonse m'beseni. Mkazi wa malemu Solomon anangoona kapu wachitsulo wozondotsedwa uja n'kuyamba kubuma. Mayi a Dinah anazindikira winayo. Kenako aliyense anayamba kuloza wake.

"Nsupayo musaiswe!" anakuwa Mayi Winifred. "Dikirani abusa!"

Lenia sanadikire. Anaithira kolorini yense amene anali naye, ndipo a Frackson anaiphwanya ndi mwala.

Pomwepo Mayi Winifred anatsamwa. Anagwada, atagwira pakhosi, ndipo madzi anayamba kutuluka m'kamwa ndi m'mphuno mwawo, oyera, osaleka, ngati mpopi woiwalika. Anayenderera mpaka kumapazi a anthu, onse n'kubwerera m'mbuyo.

"Ndinu, anyina Rejoice?" anatero a Frackson, akuwatchula Mayi Winifred ndi dzina la mwana wawo. "Inu amene munkaphika pamaliro onse awiri?"

Mayiwo anadzutsa mutu, maso ali psu, n'kuseka madzi akutsikabe pachibwano.

"Ine m'nyumba zanu sindinalowemo. Makapuwa ankachita kundibweretsera."

Anadzambatuka n'kuthamangira kudambo. Anyamata amene anawathamangitsa anangopeza nsapato imodzi m'bango, ndipo mpaka lero mayiwo sanaonekenso.

Pachitundapo panalibe wokondwa. Aliyense anaima ndi kapu wake m'manja, mkazi akuyang'ana mwamuna, mwamuna akuyang'ana mlamu wake. Lenia anayang'anitsitsa wakewo. Kapu ameneyu ankakhala kuchipinda, patebulo la kumutu kwa bedi, ndipo sankatuluka. M'nyumbamo ankakhala awiri okha, iye ndi mwamuna wake Elton, amene panthawiyi anali ataima kumbuyo kwake, atamugwira phewa.

"Tiye kunyumba, wanga," anatero Elton motsitsa mawu. "Watopa. Ndikakutungira madzi."