Timachubu Tiwiri ta Lachisanu

M'nyumba ya telala wina simunkasowa kuseka. Bambo ankasoka pakhonde akuimba nyimbo za kutchalitchi, mayi akuwathirira mang'ombe ali kukhitchini, ndipo ana anayi onse anakula okhuta ndi omvera. Tsono chitsiriza wawo, mtsikana wanzeru ndi wanthabwala, atapeza ntchito mu labotale ya pachipatala, nyumba yonse inavina.

Tsiku loyamba atabwerako ananena kuti ntchito yake ndi yoyeza majini. Mayi ake anagwira pakamwa, nafunsa ngati zaka zonse zasukuluzo zinali zoti akakhale wotulutsa mizimu. Onse anaseka mpaka misozi. Kenaka iye analongosola kuti majini akewo ndi timalangizo tobisika m'kati mwa thupi. Dokotala akachotsa kachotupa ka khansa m'matumbo kakadali kakang'ono, amatumiza kachidutswa ku labotale, ndipo kumeneko amafufuza zizindikiro zosonyeza ngati khansayo ndi yofulumira kufalikira. Ikakhala yotero, wodwala amachitidwa opaleshoni yachiwiri. Ikakhala yofatsa, amangomuona pafupipafupi.

Bambo ake anaimitsa makina. "Ndiye kuti m'kabotolo kalikonse muli munthu, mwanangu. Usamagwire ndi dzanja limodzi."

Miyezi yoyamba Chitsiriza ankagwira ntchito mosiririka. Lamulo linali loti kachubu kalikonse kalembedwe nambala ya wodwala kasanathiridwe kanthu, ndipo iye ankawerenga nambalayo kawiri. Koma patebulo loyandikana nalo pankakhala mnzake wina amene onse ankamutcha Zachangu, wokonda zovala ndi nkhani zokoma. Ameneyu ankamuseka kuti akalamba msanga, kuti oganiza ndi makina, anthu ndi ongothira. Chitsiriza anayamba kuwerenga kamodzi. Kenaka anayamba kuthira kaye n'kulemba pambuyo. Tiyi wa mphindi khumi anasanduka wa ola lathunthu, ndipo palibe chinalakwika, choncho mtima unakhala m'malo.

Mayi ake anaona kuti mwana akufika dzuwa likadali pamwamba, atanyamula timajumbo ta m'sitolo. "Kodi odwala atha kuchipatalako?" anamufunsa. Iye anawakumbatira, nati manja ake ndi achangu basi. Mayi sanaseke. Anamuuza kuti changu amachidziwa, ulesi amaudziwanso, ndipo zimene akuonazo si changu.

Lachisanu lina anathira za odwala awiri m'timachubu tiwiri tosalemba. Foni inalira, anacheza, ndipo potembenuka sanadziwenso kuti aka ndi ka yani. Njira inalipo yoyambiranso, koma inkafuna maola awiri ndi kukaulula kwa mkulu wa labotale. Zachangu anali kale pakhomo, chikwama paphewa, akuti sitolo ya nsapato itsekedwa.

"Lemba iwe, tizipita. Mwina walasa."

Chitsiriza analemba mongoganizira, naika m'makina. Nsapato anagula zofiira, zokongola ndithu.

Lachitatu lotsatira, m'khonde la chipatala, anakumana ndi mayi wina, mphunzitsi, akutuluka kwa dokotala ndi ana ake awiri, onse akuimba chapansipansi. Mayiyo ataona chovala choyera anamugwira manja onse awiri, namuthokoza, nati a ku labotale apeza kuti khansa yake ndi yofatsa, opaleshoni ina kulibe, Lolemba abwerera m'kalasi. Anamuonetsa ndi pepala lomwe. Chitsiriza anaizindikira nambala ya papepalapo: inali ya kamodzi ka timachubu ta Lachisanu tija. Anathamangira kukaona za wodwala winayo. Anali kalipentala, ndipo anali atagonekedwa kale kudikira opaleshoni m'mawa mwake.

Ataweruka anafika kunyumba osalonjera aliyense. Anakhala pansi pafupi ndi makina a bambo ake, nafotokoza zonse akulira. Anati mwina analasadi, mwina kungokhala chete n'kwabwino, chifukwa akaulula ntchito itha. Bambo sanakalipe. Anavala jekete, namuuza kuti adzuke.

"Ntchito ina idzapezeka. Ana aja mayi wina sadzamupeza."

Anamuperekeza mpaka pachitseko cha mkulu wa labotale, amene anali asanaweruke. Mkuluyo anamvetsera osaphethira, kenaka anaimbira dokotala kuti opaleshoni ya kalipentala iyambe yaima. Anayezanso zidutswa zimene zinatsala, ndipo zinapezeka kuti Chitsiriza anasinthanitsadi.

Kalipentala atauzidwa kuti mpeni sumukhudza, anavula chovala cha odwala, navina m'wodi mpaka anamwino anaomba m'manja. Mphunzitsi anaitanidwanso. Analira, ndipo dokotala atamuchita opaleshoni anapeza khansa itangoyamba kumene kuyenda. Anaichotsa yonse, nanena kuti pakadapita miyezi ingapo nkhani ikadakhala ina.

Chitsiriza anaimitsidwa ntchito miyezi itatu. Zachangu sanamuimbire ngakhale kamodzi. Atabwerera anamuika kotsuka mabotolo, ndipo anatsuka mosanyinyirika. Tsiku lina anakagwada pafupi ndi bedi la mphunzitsi uja, amene anali atabwera kudzaonedwanso, napepesa. Mayiyo anamudzutsa, nati iye amakhululukira ana makumi asanu tsiku lililonse, mmodzi woonjezera sangamulemere. Anaseka onse awiri, misozi ili m'masaya.

Inu achinyamata, ulesi sufika ukufuula. Umayamba ndi kachinthu kamodzi kamene mwadumpha popanda wokuonani, ndipo wovulala nako amakhala munthu amene sanakulakwireni. Chitsiriza anapulumuka chifukwa anaulula nthawi ikadalipo. Mukalakwa, nenani lero, chifukwa si onse amene amapeza dokotala asanagwire mpeni.