Foni Yogona Sikisi Koloko

Jekete linabwera Lachiwiri m'mawa, lothimbirira inki pathumba, koma mwini wake ankangomwetulira ngati inkiyo anaithira dala.

Mtsikana wa pakauntala ya malo ochapira zovalawo anzake ankamutcha Namasita, chifukwa kolala ikadutsa m'manja mwake inkachita kuima njo. Monga mwa ntchito, anapisa m'matumba monse asanalembe tikiti. Anapezamo cholembera chodontha ndi switi imodzi.

"Cholemberacho tayani," anatero mwini jekete. "Switiyo ndi yanu. Koma mukaidya mundipatse nambala."

"Achimwene, kuno timachapa zovala, sitichezetsa anthu."

"Ndiye mundichapireko mtimawu, wada ndi kusungulumwa."

Ha! Mawu otchipa chonchi? Koma Namasita anaseka mpaka kulemba tsiku lolakwika patikiti. Kuseri, mayi woyendetsa makina ochapira, amene onse ankangomuti Achemwali, anasuzumira n'kupukusa mutu.

"Wagwa uyu," anatero Achemwali. "Wagwa ndi switi imodzi!"

Kuyambira tsikulo Wajekete, poti ndilo dzina limene Achemwali anamupatsa, anakhala kasitomala wa mlungu ndi mlungu. Ankabweretsa ngakhale malaya oyera kale. Ankagwira ntchito yogulitsa mapampu a madzi, ndipo pakamwa pake panali pokoma zedi. Mameseji ake Namasita ankawawerenga atabisala kuseri kwa masuti opachika.

"Ngale yanga, wadya? Ukapanda kudya iwe, njala imandipweteka ine."

"Wapamtima, chaka chino chisanathe ndikuveka mphete. Ndikanama, dzuwa lisadzanditulukirenso."

Ndani sakanakhulupirira?

Mwezi wachiwiri uli mkati, Wajekete anamubweretsera foni yatsopano, simu ili kale m'kati.

"Nambala yakaleyo uitaye, ngale. Iyi ndailumikiza ku akaunti yanga, tizilankhulana mmene tingafunire. Ndikufuna mawu ako azikhala pafupi ndi ine."

Namasita anaitayadi. Masana foni inkagwira bwinobwino. Koma ikangokwana sikisi koloko madzulo, inkati zii. Kuimba ayi, meseji ayi, intaneti ayi. Pagalasi pankangobwera kaloko kakang'ono, mpaka m'mawa sikisi koloko.

"Ndi kampaniyo, ngale," anatero Wajekete. "Inasokoneza polembetsa. Ndikakonzetsa mawa."

Mawa linakhala mlungu, mlungu unakhala miyezi itatu.

Madzulo ndiwo ankamuwawa. Akaweruka, ankafika kunyumba, n'kuthandiza mayi ake kutsuka mbale, kenako n'kukhala pakhonde atagwira foni yosalankhula. Tsiku lina anabwereka ya mayi ake, naimba nambala ya Wajekete kanayi konse. Sinayankhidwe. M'mawa mwake yankho linali lokonzeka kale.

"Manambala achilendo sindiyankha, wokondedwa. Akuba achuluka."

Mayi ake nawo sanali ogona.

"Mkamwini wakoyo tidzamuona liti? Kapena ndi wa pawailesi, timangomumva?"

"Abwera, amayi. Walonjeza kuti mwezi uno ukatha abwera."

Ankanena molimba mtima, koma m'kati munali mantha. Anali atauza kale mayi ake, azakhali ake, ngakhale anzake a kusukulu kuti wapeza mwamuna womanga naye banja. Nanga bwanji mwamunayo ankasowa dzuwa likangolowa?

Lachinayi lina, nthawi yopuma, Namasita anafuna kuonetsa Achemwali madiresi a ukwati pa intaneti. Tsamba linakana kutseguka. Anayesa lina, nalonso linakana.

"Iwe," anatero Achemwali akupukuta thovu m'manja, "foni yako imagona msanga kuposa nkhuku, ndiponso imachita manyazi ndi madiresi. Kodi anakugulira foni kapena anakulembera mlonda?"

"Achemwali, nsanje imeneyo!"

"Nsanje ya chiyani, ine wa ana anayi? Ndikungoti chikondi cha masana okhaokha sindinachionepo. Ofesi ya kampaniyo ili apa, kuwoloka msewu. Pita ukafunse wekha."

Namasita anakwiya, koma anapita. Mumtima ankati akaikonzetsa yekha, madzulo ano amudzidzimutsa wokondedwa wake, ndipo Achemwali achita manyazi.

Mu ofesimo munali mzere wautali ndi fani yongolira osaziziritsa. Atafika kutsogolo anapeza mayi wa magalasi, amene analemba nambala ija pakompyuta n'kuyang'ana kwa kanthawi.

"Foniyi ilibe vuto, chemwali. Nambala yanu ili pa akaunti ya banja, ndipo inaikidwa m'gulu la ana. N'chifukwa chake imatseka sikisi koloko."

"La ana?" Namasita anaseka. "Ine ndili ndi zaka twente sikisi!"

"Kompyuta siona zaka, imaona zimene eni akaunti analemba."

"Ndiye analakwitsa ndithu. Chotsani kalokoko."

"Ine sindingathe. Amene angatsegule ndi makholo a pa akauntiyo basi. Chomwe ndingachite n'kuwatumizira pempho kuti avomereze."

"Tumizani, avomera pompano," anatero Namasita monyadira.

Mayi uja anadina batani.

"Lapita kwa onse awiri."

"Awiri ati?"

"Bambo ndi mayi. Akauntiyi ili ndi makholo awiri."

Mayi? Mayi wake uti? Kapena ndi mayi omubereka Wajekete? Inde, ayenera kuti ndi mayi ake omubereka! Namasita anagwira m'mphepete mwa kauntala, akudzinamiza ndi mphamvu zake zonse.

Foni inanjenjemera. Inali meseji ya Wajekete.

"Ngale, wapanga chiyani? Usayankhe foni iliyonse! Ndikufotokozera, ndikulumbira!"

Asanamalize kuwerenga, foni inayamba kuitana. Nambala yachilendo. Chala chake chinazengereza, kenako chinayankha.

"Halo? Mwanangu, ndiwe?"

Anali mawu a mzimayi, ofewa, osangalala ngati a munthu amene wapeza chinthu chimene wakhala akufunafuna.

"Ndine mayi ako aang'ono, mkazi wa bambo ako aang'onowa. Ayi zikomo, lero ndamva kupuma kwako! Nthawi zonse ndikati ndikuimbire, amandiletsa, ati ndiwe wamanyazi, ati imfa ya bambo ako ikukupwetekabe, ndikusiye kaye. Pepa mwanangu, pepa kwambiri."

Bambo ake a Namasita anali moyo, ndipo m'mawa womwewo anawasiya akukonza njinga pakhomo.

"Ndaona pempho lako," anapitiriza mzimayiyo. "Usandikwiyire, wamva? Sikisi kolokoyo ndinaika ndine. Atandiuza kuti akuika mwana wa malemu achimwene awo pa akaunti yathu, ndinati ameneyo ndi mwana wanganso. Malamulo a ana anga awiriwa ndi akonso, sindisankha. Mayeso ali pafupi, uziwerenga. Ukakhoza ndidzakutsegulira ndekha."

Misozi inayamba kutsika m'masaya mwa Namasita. Mayi wa magalasi anasiya kulemba, n'kumuyang'ana.

"Ndiye tamvera, holide ino ubwere. Ndakukonzera kale bedi m'chipinda cha mng'ono wako, akungowerenga masiku. Ndakugulira ndi nsapato za kusukulu, koma saizi ndangoganizira, poti bambo akowo ukawafunsa amangoti aiwala. Umavala saizi yanji?"

Chimene chinamupweteka Namasita koposa sichinali bodza la Wajekete. Chinali chikondi cha mzimayiyu. Akanamutukwana bwenzi zili bwino! Akanamutcha mayina onse oipa, akanadziwa poyankha. Koma nsapato? Bedi?

Akanatha kungodula foni. Akanatha kuyankha ndi mawu aang'ono kuti "saizi faifi", mzimayiyo n'kupitiriza tsiku lake mosangalala. Foni inanjenjemeranso kukhutu kwake, mameseji a Wajekete akulowa motsatizana. Sanawayang'ane.

"Mayi," anatero Namasita, "ine si mwana wasukulu."

"Wati bwanji?"

"Ndine munthu wamkulu, ndimagwira ntchito kochapa zovala. Bambo anga ali moyo. Amuna anuwo si achibale anga. Anandiuza kuti sali pabanja, ndipo analonjeza kundikwatira chaka chino. Sindinkadziwa, mayi. Mulungu akuona, sindinkadziwa!"

Namasita ankamva wailesi ikulira chapatali kumbali inayo, ndi madzi akuthira m'beseni. Kenako madziwo anasiya.

"Miyezi itatu," anatero mzimayiyo pang'onopang'ono. "Miyezi itatu ndakhala ndikuuza ana anga kuti azikupempherera asanadye."

"Pepani, mayi."

"Majekete aja ankabwera onunkhira bwino. Ndiwe unkasita?"

"Ndine."

Mzimayiyo anaseka kamodzi, kuseka kopanda moyo, ndipo kusekako kunasanduka kulira. Namasita naye analira poyera, pamaso pa mzere wonse, osasamala amene akumuona. Palibe anadandaula kuti akuchedwetsa anthu.

Mayi wa magalasi anamukankhira kabokosi ka tishu, n'kunena motsitsa mawu kuti ngati akufuna nambala yakeyake, amulembetsa pomwepo. Namasita anagwedeza mutu kuvomera, koma foni sanaichotse kukhutu. Sakanatha kumudulira munthu amene ankalira chifukwa cha iye.

Patapita nthawi, mawu aja anabweranso, otopa, opanda mkwiyo.

"Ana aweruka folo koloko. Akandifunsa kuti mkulu wawo abwera liti, ndiwauze chiyani?"

Namasita anangoima pakauntalapo, foni ili kukhutu, onse awiri akumvana kulira.