Nerys ndi Geti Lokhoma

Nerys ankafuna kupita kumsika. Amayi ake ankagulitsa tchizi kumeneko. Nerys ankafuna kukawapeza msika usanathe.

"Bambo, tidzere kumtsinje," anatero Nerys.

Inali nyengo yoyoyoka masamba. Masamba ofiira anali mbwee panjira. Ena ankayandama pamadzi. Nerys ankawaponda, tswa, tswa, tswa!

Anayenda. Anayendabe. Kenako anaima.

Panjira panali geti. Getilo linali lomanga ndi tcheni. Loko wamkulu anali lende.

"Watseka ndani?" anafunsa Nerys. "Njira iyi ndi ya tonse!"

"Tibwerere, mwanawe," anatero abambo. "Tidzera kumsewu."

"Kumsewu n'kutali! Tikapeza msika utatha!"

Pambali pa geti panakhala Mayi Probert. Mayi Probert anali okalamba. Anali ndi ndodo ndi dengu la mazira.

"Ine kumsewu sindingafike," anatero. "Miyendoyi yakana."

Nerys anapsa mtima. Anagwira geti. Analigwedeza, gwede, gwede, gwede!

"Odi! Odi kuno!"

Kunatulukira bambo wamtali wovala jombo. Anali Bambo Vaughan, mwini watsopano wa munda umene njirayo inkadutsamo.

"Phokoso lanji, iwe?"

"Mwatsekeranji njira?" anafunsa Nerys. "Njira iyi ndi ya tonse!"

"Nerys, ulemu," ananong'ona abambo.

"Pepani," anatero Nerys. "Koma mwatsekeranji?"

"Anthu satseka geti," anatero Bambo Vaughan. "Dzulo nkhosa zanga zinatuluka. Imodzi inagwera mumtsinje. Ndinachita kuivuula ndekha."

Nerys anapsanso mtima.

"Anasiya chotsegula ndani? Alibe manyazi! Koma si ine. Si abambo. Si Mayi Probert. Ife talakwanji?"

Bambo Vaughan anakanda kumutu.

Nerys anaganiza. Anaona kathabwa muudzu. Anatola mwala woyera. Analemba zilembo zazikulu.

TSEKANI GETI. MULI NKHOSA.

"Wina akaiwala, mudzandiuze," anatero Nerys. "Ndidzamukalipira ndine."

Bambo Vaughan anaseka.

"Zoti umatha kukalipa, ndamva kale."

Anatulutsa kiyi m'thumba. Loko anati kwe! Tcheni chinagwa pansi. Abambo anamangirira kathabwa pageti.

Mayi Probert analowa. Abambo analowa. Nerys analowa. Kenako anatseka geti bwinobwino.

Anayenda pang'onopang'ono ndi Mayi Probert. Anadutsa nkhosa. Anawoloka mlatho wamiyala. Belu la tauni linalira.

Msika unali usanathe!

"Amayi! Amayi!" anafuula Nerys.

Amayi anamukumbatira. Anamufunditsa manja ozizira m'jasi lawo.

"Mwachedwa kuti, inu awiri?"

"Mwana wanuyu amakangana ndi geti," anatero abambo.

"Aa! Nanga wapambana ndani?"

"Ine," anatero Nerys. "Ine ndi nkhosa."