Singano ya pa Sikelo

Anakumana pa siteji ya ku Chileka, mvula ikuwaza. Tiyamike, wophunzira unamwino, anali atafungatira jumbo ya yunifolomu yake. Mnyamata wina anamufunditsa ambulera yofiira.

"Anesi mukanyowa, odwalafe tilowera kuti?"

"Sindinafike pa unesi. Mukudwala chani?"

"Mtima. Wangoyamba pompano."

Anali Gracian, mlonda wa ku eyapoti. Pasanathe miyezi itatu, lonjezo linali litagwa: "Duwa langa, ukangomaliza sukulu, amalume afika kwanu ku Kuntaja."

Kenako sukulu inatumiza Tiyamike kukaphunzira ntchito pa kachipatala kena cha ku Lirangwe. Gracian sanafunse n'komwe dzina la chipatalacho.

Lachitatu kunali sikelo ya amayi oyembekezera. Obwera ndi amuna awo ankayamba ndiwo kulowa, choncho woyamba anali mayi wina dzina lake Nellie, mwamuna wake atatsala panja. Tiyamike anamutenga magazi. Pobwezera kachivindikiro pa singano, dzanja linaterereka.

Singano m'chala!

"Kangati ndanena kuti singano sitivindikira? Imapita m'bokosi!" anakalipa a Sisita Chande, omuyang'anira. "Samba ndi sopo, usafinye. Tiyeza iwe, tiyezanso mayiwa. Akapezeka ndi kachilombo, mankhwala oteteza uyamba lero lomwe."

Tiyamike sanathe kukhala pansi. Ku mpope, ku windo, ku mpopenso. Kachilonda kochepa chonchi kangamusinthire moyo? Nanga amayi ake akawauza chani?

Analembera Gracian uthenga: "Ndadzibaya ndi singano. Ndili ndi mantha, bwera."

Yankho silinachedwe: "Ndili pa geti ku eyapoti, duwa langa, ndege ikutera. Limba mtima, ndine wako mpaka manda."

Nellie nayenso anali atagwira njakata. "Ndiitanireni abambo a kunyumba, ndisamve ndekha zotsatirazi."

Chitseko chinatseguka. Foni ili m'manja, ambulera yofiira ili m'khwapa.

Gracian!

"Bambo ake a Ivy," anatero Nellie, "anesiwa avulala chifukwa cha ine. Apepeseniko."

Gracian anayang'ana pansi, anayang'ana khoma.

"Pepani, anesi."

Anesi! Duwa lija lafota liti?

"Ndege yatera bwino?" Tiyamike anafunsa motsitsa mawu.

"Ndege yanji?" anadabwa Nellie.

A Sisita Chande anaweramira timapulasitiki toyezera magazi, n'kupumira m'mwamba.

"Mzere umodzi, umodzi. Nonse muli bwino. Wapulumuka, mwana wanga."

Tiyamike anayang'ana mimba ya Nellie, anayang'ananso ambulera ija. Anavala magolovesi atsopano, misozi ikugwera pa yunifolomu.

"Chala chikupweteka?" anafunsa a Sisita.

"Chala ayi," anatero. "Alowe wina."