Tsiku Limene Apongozi Anatembenuka

Nkhani iyi sindinaitole pamowa. Anandiuza ndi Celestina mwiniwake atakalamba, ndipo Afonso telala, uja ankasoka pakhonde la sitolo ku Mocuba, analumbira kuti mbali ina anaiona ndi maso ake. Afonso ankanama pa za tsiku lomaliza malaya basi, pa zina anali munthu woona.

Firmino Muhala, mwamuna wa Celestina, anali kapitawo wa thonje m'masiku a Apwitikizi. Anampatsa chipewa ndi chingwe choyezera minda, ndipo mayi aliyense pamudzi ankamudulira ndime yake ya thonje, afune asafune. Chinangwa ndi mapira zinkafera m'tchire, poti munthu ali ndi manja awiri okha. Njala itakhazikika, amayi anapangana nzeru. Mbewu ya thonje ankayamba aikazinga m'phale, kenako n'kukaibzala mwaulemu wonse m'mizere yowongoka, kuti ikapanda kumera mzungu aziti dothi lakana. Mudzi wonse unkadziwa. Firmino nayenso ankadziwa, koma ankangoyang'ana kumbali, kuiwala kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Mzungu wa kampani ya thonje sanali mwana. Anafukula njere imodzi, anaiphwanya ndi mano, n'kuilavula. Anauza Firmino kuti pofika mawa atchule amene anayambitsa, apo ayi avule chipewa akakwere sitima ya kuzilumba kumene anthu sankabwerako.

Firmino anatchula mayi Namakula, apongozi ake.

Sikuti ankadana nawo. Mayiwo ankamusungira ndiwo yabwino, ankamutumizira mtedza kudzera mwa mkazi wake. Koma kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi saonana nkhope. Akakumana panjira, mayi amapatukira kutchire n'kufulatira, mkamwini amalambalala mbali inayo. Firmino atayendetsa maina onse m'mutu, anapeza kuti pamudzi ponse panali munthu mmodzi yekha amene sadzamuyang'ana m'maso. Chifukwa chake chinali chomwecho basi, ndipo manyazi a chifukwa chimenechi sanamuchoke mpaka kufa.

Asipayo, apolisi a boma aja, anawamenya mayiwo m'zikhato ndi thabwa lamabowo mpaka khungu linaphulika. Manja anatupa, anawola, ndipo mvula isanathe mayi Namakula anatisiya. Celestina analira akutemberera kazitape amene sankamudziwa. Firmino anakumba nawo manda, anthu n'kumayamikira kuti mudzi unapeza mkamwini. Kuyambira pamenepo sankaopanso sitima. Ankaopa tsiku limene Celestina adzadziwe.

Zinayamba chaka chotsatira, nthawi yobzala, dzuwa lili paliwombo. Firmino akuchokera kuminda, chingwe paphewa, anamva fungo la njere za thonje zikupserera. Pafupi panalibe nyumba, panalibenso utsi. Nyenje zinaleka kulira. Kenako kunamveka kuthetheka, the, the, the, ngati phale lili pamoto.

Kutsogolo kunkabwera mayi wovala nsalu yakuda. Anapatuka. Anagwada m'udzu, chofulatira. Manja anawakweza pang'ono, monga achitira munthu amene zikhato zikumuwotcha.

Miyendo ya Firmino inapatuka yokha. Anadutsa chakutchire, maso pansi, monga anachitira zaka zisanu ndi zinayi. Anazindikira atafika patali kuti wapereka ulemu kwa munthu amene anamukwirira ndi manja ake.

Mawa lake zinachitikanso, mkuja wakenso, ndipo tsiku lililonse malo okumanirana ankasendera kufupi ndi mudzi. Tsiku lina Afonso, akukankha njinga yophulika tayala, anaona kapitawo akupyola paminga njira ili mbee, ndipo anayamba kuseka.

"Akapitawo, kodi njira nayonso yalowa msonkho?"

Kenako fungo lija linamufika, n'kuona msana wa mayi m'udzu. Akuti njinga anakaitenga mawa lake, ndipo anapita ndi anzake awiri.

Firmino anatenga ufa wa mapira n'kupita patsinde pa mtengo wa msolo pamene timathira nsembe. Anauthira pang'onopang'ono, koma kamulu kake kankangogumuka. Kupepesa kumafuna kuti utchule cholakwa, ndipo pakamwa pake panakana ngakhale pamaso pa mtengo.

Anaonda. Chakudya ankangochiyang'ana. Celestina anafunsa kawiri, iye n'kunamizira malungo. Tsiku lachisanu ndi chitatu mkaziyo anangomanga nsalu n'kunena kuti apitira limodzi kuminda, akaone chimene chikudya mwamuna wake. Firmino anakalipa, kenako anachonderera, koma zonse zinapita pachabe.

Pobwerera, atafika pachulu pamene madenga a mudzi amayamba kuoneka, nyenje zinakhala chete.

"Bambo a Lidia," ananong'ona Celestina, "akukazinga ndani?"

"Tiyeni tibwerere."

"Imani."

The. The. The.

Mayi uja anali pomwepo, m'udzu, chofulatira. Celestina anaizindikira nsalu, poti anawaveka yekha tsiku la maliro. Anagwada pakati pa njira.

"Amayi."

Mayiwo sanatembenuke.

"Amayi, bwanji simukupuma? Anakutchulani ndani?"

Firmino anafuna kuyankha. Akuti mawu anafika pakhosi, ndipo akanangowatulutsa, mwina zinthu zikanatha mwa mtundu wina. Anachedwa.

Mutu unayamba kutembenuka. Pang'ono. Pang'ono. Mapewa anatsatira. Mayi Namakula anadzutsa nkhope, nayang'ana mwamuna wa mwana wawo m'maso, osaphethira.

Nyenje zitayambanso kulira, m'udzu munalibe munthu, koma udzu unali wogona pamene panali mawondo.

Celestina anadzuka nasasa fumbi pansalu. Sanakuwe, sanalire.

"Amayi anga sangayang'ane mkamwini kumaso," anatero motsitsa mawu. "Ndiye kuti inu simulinso mkamwini. Mkeka wanu muupeza panja."

Firmino sanatsutse. Anasiya chipewa ndi chingwe pachulupo, napita ku Mocuba, kumene anakalamba akusenza matumba pasiteshoni. Kumudzi kapitawo wina anapezeka sabata yomweyo, ndipo thonje linapitirira kulimidwa monga kale. Mayi Namakula sanaonekenso kwa wina aliyense.

Patapita zaka, Afonso analimba mtima n'kumufunsa ngati nkhope ija inali yaukali. Firmino anapukusa mutu.

"Ikanakhala yaukali bwenzi zili bwino, achimwene. Anangondiyang'ana monga ankawayang'anira asipayo akamadutsa."